Sikirini yaphwanyika? Musanaiponye kudzala werengani kaye izi

Ndakhala pa benchi yokonza mafoni ndi ma TV kwa zaka ndithu, koma chinthu chomwe sindinkachiwerengera n'komwe ndi masikirini akutha omwe ndimachotsa tsiku ndi tsiku. Kasitomala akabwera ndi foni yoti yagwa pa simenti, ine n'kuchotsa sikirini, kuika ina, yakale ija n'kuponya mu katoni ya pansi pa tebulo, katoni ikadzadza n'kupatsa mnyamata wosesa kuti akataye, basi nkhani yatha. Nde tsiku lina mwana wa achemwali anga, wa zaka 6, anadzera ku shopu ataweruka kusukulu, ine maso ali pa bodi ndikuwotcherera kawaya, ndimangomva "amalume taonani, muli madzi a utawaleza umu." Kucheuka, mwana watulutsa sikirini yosweka mu katoni muja akuidina ndi chala kuti aone inki ikuyendayenda, dzanja linalo wagwira mandasi, akusinthasintha manja. Ndinamulanda chifukwa choopa kuti galasi limucheka, za inkiyo sindinaganize kanthu. Koma usiku wake funso linandivuta, kodi timadzi timeneti n'chiyani kwenikweni, poti ineyo ndimatigwira daily ndi manja osavala kanthu kenako n'kukadya chips chapachiwaya osasamba m'manja bwinobwino.

Zomwe ndinapeza nditayamba kufufuza ndi zomwe zinasintha kagwiridwe kanga ka ntchito, nde ndati ndikugawireni, makamaka anzanga okonza mafoni, ogulitsa ma TV a kaunjika, ndi inu amene muli ndi TV yakufa yomwe yangokhala kuseri kwa chitseko chaka chachitatu tsopano.

Choyamba dziwani kaye kuti mwagwira sikirini ya mtundu wanji, chifukwa zoopsa zake sizofanana. Ife kuno TV iliyonse yopyapyala timangoti pulazima, koma pulazima zenizeni makampani akuluakulu ngati Panasonic, Samsung ndi LG anasiya kupanga cha m'ma 2014, nde zambiri zomwe zili m'nyumbamu ndi LCD, olo pa katoni atalemba kuti LED TV imeneyo ndi LCD yomweyo kungoti nyali zake za kumbuyo ndi za LED. Malaputopu ambiri, ma monitor a mu ofesi, makakyuleta, mafoni ambiri otchipa, onsewo LCD. Mafoni okwera mtengo aja olembedwa AMOLED kapena OLED ndi ena, chithunzi chake sichidalira timadzi timeneti. Ndiye pali ma TV achikale aja a chimimba kumbuyo, olemera ngati thumba la chimanga, amenewo ali ndi nkhani yawoyawo ndibwera nayo kutsogoloku.

Mu LCD muli magalasi awiri opyapyala omatidwa pamodzi, pakati pake ndi pomwe pali timadzi tija, dzina lake liquid crystal. Mpata wake ndi wochepa kwabasi, tsitsi lanu limodzi ndi lonenepa kuposa mpatawo ka 10 ndi kupitirira. Magetsi akadutsa timadzito timapotoloka n'kulola kuwala kudutsa kapena kukutsekereza, chithunzi n'kuoneka. Zoseketsa n'zoti amene anayamba kuona khalidwe limeneli sanali wa zamagetsi n'komwe, anali katswiri wa zomera, Friedrich Reinitzer, mu 1888 ku Prague, akufufuza mankhwala okhudzana ndi cholesterol ya mu karoti. Koma za mu foni mwanumo si karoti ayi, ndi mankhwala opangidwa ku fakitale, osakaniza mitundu 10, 20, mu sikirini imodzi, asayansi amawatchula kuti liquid crystal monomers kapena mwachidule LCM. Vuto lake ndi ili: mankhwalawa sanamangidwe ku galasi, angotsekeredwa pakati basi ngati madzi mu jumbo. Galasi likasweka, kapena guluu wa m'mphepete akakalamba, amapeza potulukira, ena amauluka ngati mpweya n'kukakhala pa fumbi la m'nyumba.

Kwa zaka zambiri palibe ankazilabadira izi. Mu 2019 ofufuza a ku Nanjing ku China pamodzi ndi anzawo a ku University of Saskatchewan ku Canada anaunika mitundu 362 ya ma LCM omwe amagwiritsidwa ntchito, n'kupeza kuti 87 mwa imeneyi ili ndi maonekedwe a mankhwala osawola msanga komanso ounjikana m'thupi la chamoyo. Anaphwasula masikirini a mafoni a mitundu 6 n'kupezamo ma LCM 33, kenako anatola fumbi m'malo osiyanasiyana, mogona ana asukulu, mu kantini, mu hotela, m'nyumba ya munthu, ndi mu shopu yokonza zipangizo zamagetsi ngati yangayi, ndipo pafupifupi theka la masampulo 53 a fumbi munapezeka mankhwalawa. Atawathira pa maselo a chiwindi cha anapiye osaswedwa, ma gene ena, omwe amalamulira kagwiridwe ntchito ka maselo, anayamba kugwira ntchito mosintha. Mu 2021 a ku University of Toronto anaonetsa kuti sikirini olo yosasweka imatulutsabe timpweya ta mankhwala, ndipo kukakhala chinyontho timatuluka tambiri. Kuchokera apo akhala akuwapeza m'matope a pansi pa mtsinje wa Pearl River komwe umathira m'nyanja, mu mkaka wa m'mawere wa azimayi ku Beijing, mu fumbi la m'nyumba ku Sweden, m'chimbudzi cha agalu ndi amphaka a pakhomo ku America, komanso m'magazi ndi pa khungu la anthu ogwira ntchito yophwasula masikirini ku China, omwe anapezeka nawo ochuluka kuposa anthu wamba.

Apa ndinene chilungamo kuti ndisakuopsezeni zaulere. Umboni woti mankhwalawa amasokoneza mahomoni, chiwindi ndi kagayidwe ka mafuta m'thupi wachokera pa maselo a mu labu ndi pa tinyama monga nsomba ndi mbewa zoyeserera, osati pa odwala a m'chipatala. Nde musataye foni yanu kapena kusiya kuonera mpira, ayi. Chomwe chimandipangitsa ine kusamala n'choti ambiri mwa mankhwalawa kapangidwe kake kamafanana ndi ma PCB, mafuta aja ankaikidwa m'ma transformer akale omwe dziko lonse linagwirizana zowathetsa pa mgwirizano wa Stockholm wa 2001, ndipo ambiri ali ndi fluorine yemwe amapangitsa kuti asawole msanga. Sasungunuka bwino m'madzi, amakonda mafuta, nde akalowa mu nsomba kapena mwa munthu amakakhala ku mafuta. Ma PCB nawonso anthu anawagwiritsa ntchito zaka makumi angapo akuti ndi abwinobwino. Munthu woonera TV ali pa sofa amakumana nawo pang'ono zedi, koma ine wotsegula masikirini 5, 10 pa tsiku mu kashopu kopanda windo, ndi mwana wokwawa pansi yemwe chilichonse chimathera mkamwa, ife nde tili kutsogolo pa mzere.

Tsono foni ikagwa n'kusweka, yang'anani kaye ngati chasweka ndi purotekita yokha, galasi la pamwamba, kapena LCD yeniyeniyo. Mukaona chibanga chakuda chikukula ngati inki yatayikira, kapena mizere ya mitundu, ndiye kuti galasi la mkati lapita. Musamadinedine pamenepo kuti muone ngati ibwerere, sibwerera. Matani selotepi yoonekera mkati ija pamwamba ponse, ikani foni mu kajumbo ngati mukupita nayo kokonzetsa, ndipo musamupatse mwana kuti azisewera nayo poti "yatha kale." Ndikudziwa ndalama ya sikirini sipezeka tsiku lomwelo, ena mumayenda nayo yosweka miyezi 6 mukuswaipa pa magalasi mpaka chala kuchekeka, chabwino, koma ikanipo purotekita ina pamwamba kapena tepi, ndipo musagone nayo pansi pa pilo. Timadzi tija tikakukhudzani pa khungu sambani ndi sopo ndi madzi ambiri, tikalowa m'maso tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15 kenako pitani kuchipatala, izi olo mabuku a malangizo omwe amabwera ndi malaputopu amanena, kungoti ndani amawerenga timabuku timeneto.

TV kapena monitor ikasweka pabalaza, mwina mwana waponya rimoti kapena yagwa pa khoma, zimitsani ndi kuzula pulagi, tulutsani ana, tsegulani mawindo. Apa funso lofunika ndi la zaka za chipangizocho. Ma LCD akale, tinene opangidwa isanafike 2010 mpaka 2012, okhuthala ndithu komanso otentha kumbuyo, nyali zake si LED, ndi timachubu tagalasi tatitali toonda ngati sitirowu, timatchedwa CCFL, ndipo mkati mwake muli mercury. Laputopu yakale imakhala ndi kamodzi kapena tiwiri m'mphepete, TV yaikulu imatha kukhala ndi toposa 10 tondandalikidwa kumbuyo kwa sikirini. Mercury yemwe ali mu kachubu kamodzi ndi mamiligalamu ochepa chabe koma uyu nde si wongomuganizira ngati ma LCM, ndi poizoni wodziwika bwino wa ubongo, mitsempha ndi impso, woopsa kwambiri kwa mwana wosabadwa. Mgwirizano wa dziko lonse wothana ndi mercury wa 2013 unatchedwa Minamata pokumbukira tauni ya ku Japan komwe anthu anapuwala ndi kufa atadya nsomba za m'madzi omwe fakitale inkatayiramo mercury. Nde zambiri za kaunjika zomwe zimatipeza kuno, ma monitor otsika m'maofesi a kunja aja, ndi za m'badwo umenewu.

Kachubu kakasweka musathamangire tsache. Tsache limangomwaza ufa uja n'kuukweza m'mwamba, ndipo ngati muli ndi vacuum cleaner imeneyo nde musayerekeze n'komwe. Tulukani m'chipindamo kwa mphindi 15 mawindo ali otsegula, fani yozimitsa. Mukabwerera valani magolovesi, olo majumbo awiri m'manja ngati mulibe, tengani timakatoni tiwiri tolimba, kamodzi kokankhira kena kowolera, muwole zidutswa n'kuziika mu botolo lagalasi lokhala ndi chivindikiro, la mayonesi kapena la jamu lija. Tizidutswa tating'onoting'ono ndi ufa muzitole ndi selotepi, kumata pansi n'kumatula, kenako pukutani ndi pepala kapena kansanza konyowa, zonsezo, tepi, kansanza, magolovesi, mu botolo momwemo n'kutseka. Botololo likakhale panja pa mthunzi pomwe ana safika, ndipo lembanipo kuti poizoni, chifukwa kwathu kuno botolo lopanda ntchito kulibe, wina adzalitsuka n'kuikamo mchere. Ngati zagwera pa mkeka kapena kapeti, kaunikeni panja nthawi yaitali, mphasa yotchipa bola kungoitaya.

Anzanga apabenchi, apa nde pathu. Makina aja otenthetsera sikirini kuti guluu afewe tisiyanitse galasi ndi LCD, kapena mfuti ya mpweya wotentha ija, kutentha kumeneko ndi komwe kumathandiza mankhwala kuuluka, ndipo nkhope yathu imakhala pompo masentimita 30 kuchokera pa sikirini. Ine ndinasuntha tebulo kuliika pafupi ndi khomo, ndinagula kafani kakang'ono ka USB komwe kamakankhira mpweya kunja osati kumaso kwanga, ndipo sinditenthetsa kupitirira mlingo womwe guluu akufuna pongofuna kufulumira. Magolovesi a nitrile, abuluu aja a ku pharmacy, amathandiza, poyamba amasowetsa mtendere pogwira tizisikuluwu koma sabata imodzi mwazolowera. Masiki ya nsalu ija ya nthawi ya Covid imagwira fumbi lalikululikulu lokha, mpweya wa mankhwala umadutsa, nde musadalire imeneyo n'kutseka chitseko, chachikulu ndi mpweya kuyenda. Pomaliza ntchito pukutani benchi ndi kansanza konyowa, osapemerera ndi pakamwa kapena bulowa ngati timachitira muja, ndipo pansi kolopani m'malo mosesa pouma. Kansanza ka pa benchi kakhale ka pa benchi, kasapite kukapukuta mbale.

Kudya nde vuto lathu lalikulu. Kasitomala waima akudikira, nsima yafika mu kontena, umangosuntha mafoni pang'ono n'kudyera pa benchi pomwepo, dzanja lomwe lagwira LCD yosweka ndi waya wowotcherera wa mtovu ndi lomwelo likutema nsima. Ofufuza aja akamawerengera njira zomwe ma LCM amalowera m'thupi, zina mwa zazikulu ndi kumeza fumbi ndi kudzera pa khungu. Nde kusamba m'manja ndi sopo musanadye, osati kungotsukuluza mu beseni la tonse lija, ndi chinthu chotchipa chomwe chimadula njira yaikulu. Sipiliti yomwe timatsukira mabodi si yosambira m'manja, imasungunula mankhwala n'kuwafalitsa pa khungu komanso imaumitsa khungu mpaka kung'ambika. Khalani ndi shati kapena dasikoti ya ku ntchito yomwe imatsala ku shopu, chifukwa mukafika kunyumba mwana amakuthamangirani n'kukwirira nkhope pa malaya omwewo. Ndipo mayi woyembekezera, kaya ndi mkazi wanu amakugwirirani shopu mukapita kokaoda katundu, asakhale amene akusesa kapena kutsegula ma TV akale.

Masikirini ochotsa aja musamangowaponya mu katoni kuti aziswekana okhaokha. Ine pano iliyonse ndimaibwezera mu kajumbo ndi kabokosi komwe munabwera yatsopano, n'kuiimika mu chigubu chapulasitiki chokhala ndi chivindikiro. Zina mwa izo ngati sikirini ya mkati ili moyo ndipo langosweka ndi galasi la pamwamba, makamaka za AMOLED, pali anthu amagula kuti akaikenso galasi, nde ndi ndalama imeneyo osati zinyalala. Za ma TV ziimikeni chilili, kutsamira khoma, katoni pakati, pamalo ouma osafika dzuwa. Kuseri kwa nyumba pa mtetete pomwe dzuwa la Okutobala limaziwotcha kenako mvula ya Januwale n'kuzitsuka, madzi ake n'kutsetserekera ku dimba kapena ku chitsime, amenewo nde malo oipitsitsa omwe mungasankhe.

Koma mwa zonse zomwe ndalemba pano, ngati mungagwirepo chimodzi chokha, chikhale ichi: osawotcha. Ndikudziwa m'makomboni mwathu galimoto ya zinyalala siifika paliponse, dzala likadzadza timaliyatsa madzulo, ndipo chilichonse chimalowa momwemo. Pulasitiki ya kumbuyo kwa ma TV ndi ma monitor, makamaka akale, inathiridwa mankhwala a bromine oletsa kugwira moto msanga, ena mwa iwo otchedwa PBDE omwe analetsedwa pa mgwirizano wa Stockholm uja mu 2009, wina mu 2017. Pulasitiki imeneyi ikamanyeka pa moto wa padzala, womwe ndi wozizira poyerekeza ndi ng'anjo za ku fakitale, imatulutsa mankhwala apoizoni otchedwa ma dioxin ndi ma furan, mu utsi wakuda wonunkha uja womwe umakanda pakhosi. Mankhwala amenewa amagwera pa dothi ndi phulusa, nkhuku zachikuda zimapalasa pomwepo, n'kukathera mu mazira. Ku Agbogbloshie mu mzinda wa Accra ku Ghana, komwe anyamata ankawotcha mawaya ndi zipangizo kuti apeze kopa mpaka malowo anagwetsedwa mu 2021, mazira a nkhuku zoyenda pamalopo atayezedwa anapezeka ndi ma dioxin ochuluka moopsa. Mercury wa m'timachubu tija nayenso pa moto amangouluka yense n'kupumidwa ndi amene wayandikira. Ndinaonapo mayi wina akuyatsira mbaula ndi chidutswa cha chikuto cha TV poti chimagwira moto bwino kuposa jumbo, poto wa phala la mwana ali pambali kudikira, ndinayankhula koma anangondiyang'ana ngati ndapenga.

Anyamata otola zitsulo, inu amene mumayenda ndi thumba m'makwalala kugula mawaya ndi mabodi, waya musendeni ndi mpeni kapena kaleza m'malo mowotcha, kopa wosenda ndi woyera ndipo ogula ambiri amamukonda kuposa wakuda wowotcha. Mu LCD yeniyeniyo mulibe choti mungachotse ndi hamala n'kugulitsa. Muli kachitsulo kotchedwa indium kopakidwa pa galasi mopyapyala kwambiri moti kuchichotsa pamafunika fakitale, nde kuiphwanya ndi kungodzipweteka ulere. Masulani masikuluwu, chotsani chitsulo, aluminiyamu ndi mabodi, galasi ndi timachubu muzisiye zamphumphu.

Tsopano ma TV a chimimba aja. Ambiri ali ku midzi ndi m'ma store room, ena anawasandutsa tebulo loikapo TV yatsopano. M'menemo mulibe ma LCM koma muli mtovu, womwe pa Chingerezi amati lead, wosakanizidwa mu galasi la kumbuyo looneka ngati fanulo lija kuti utchinge cheza, ndipo TV yaikulu imatha kukhala ndi mtovu wopitirira kilogalamu imodzi. Galasi likakhala lamphumphu mtovuwo umakhala phee, koma likaphwanyidwa n'kusiyidwa pa dothi mvula imautsuka pang'onopang'ono. Mtovu kwa mwana ulibe mlingo woti uwu ndi wabwino, umaononga nzeru mwakachetechete, mwana amangovutika m'kalasi anthu n'kumati ndi wopusa. Abale athu a ku Kabwe ku Zambia akuidziwa bwino nkhani imeneyi, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma mpaka lero ana akupezekabe ndi mtovu wambiri m'magazi chifukwa cha dothi. Kuonjezera apo, mkati mwa chubu chija mulibe mpweya, nde mukachimenya chimaphulikira mkati n'kumwaza magalasi, kuseri kwa galasi la kutsogolo kuli ufa wotuwa womwe si wofunika kuupuma, ndipo chimatha kusunga magetsi amphamvu olo TV itazimitsidwa kalekale, paja ikamagwira ntchito mphamvu yake imafika ma volt 25,000. Ndinamenyedwapo kamodzi ndili wophunzira, mkono unachita dzanzi mpaka madzulo. Nde anyamata akafuna kopa wa pa khosi la chubu, amasule bwinobwino osaswa khosilo, ndipo chigoba chagalasi chisasanduke mbiya ya maluwa kapena chomwera nkhuku.

Nanga tikazisunga, mapeto ake tizipititse kuti? Apa nde pomwe pamavuta, ndipo si Malawi yekha. Lipoti la United Nations la 2024 linati mu 2022 dziko lonse linatulutsa matani 62 miliyoni a zinyalala zamagetsi, zomwe zinatoleredwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo ndi 22.3 peresenti yokha, ndipo mu Africa sizinafike olo 1 peresenti. Inu muli ku UK zanu n'zosavuta, khonsolo iliyonse ili ndi malo okatayako zamagetsi ndipo masitolo akuluakulu amalandira zakale mukagula zatsopano. Ku Joni nakonso kuyambira 2021 malamulo amakakamiza opanga ndi oitanitsa zipangizo kuti aziona za mapeto ake, ndipo kuli makampani ndi masitolo olandira. Chomwe ndingakupempheni achimwene ndi achemwali muli kunjako n'choti musamatitumizire zakufa. TV yoti yayamba kale mizere, laputopu ya 2008 yoti batire inatupa, mumalipira transporter ndalama zambiri kuti ifike kuno, igwira miyezi itatu kenako ikhala mtolo wa amayi kumudzi komwe kulibe kokaitaya. Mgwirizano wa Basel wa 1989 ndi wa Bamako wa 1991 unapangidwa kuti mayiko olemera asamatayire zinyalala zoopsa kwa osauka, nde tisamachite tokha pa basi zomwe mayiko anakanizana pa pepala.

Kuno kwathu yambani ndi wokonza. TV yomwe mukuti yafa nthawi zambiri sikirini yake ili bwinobwino, chapsa ndi power supply chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, kapena ma LED a kumbuyo, mawu akumveka koma chithunzi kulibe. Walitsani tochi ya foni pafupi ndi sikirini TV ili yoyatsa, mukaona chithunzi chikuoneka mwa mdima ndiye kuti ndi nyali chabe, zimasinthidwa pa mtengo wochepa poyerekeza ndi kugula ina. Ngati sikirini nde yasweka, pa TV kawirikawiri kusintha kumadula pafupifupi mtengo wa yatsopano, nde mugulitseni wokonza kuti achotsemo mabodi, masipika ndi ma LED akathandizire ma TV ena, koma mufunseni kuti galasilo akalitani, akati "tikataya kumtsinje" musamupatse, Mudi ndi Lilongwe ndi mitsinje yomwe kumunsi kwake anthu amathirira masamba omwe timagula tomwe. A maofesi, masukulu ndi mabungwe omwe muli ndi ma monitor 30, 40 mu store room, musawagulitse pa okushoni ngati zitsulo kwa aliyense wobwera ndi lole, funsani ku MEPA, bungwe loona za chilengedwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017, kapena ku khonsolo yanu, kuti akuuzeni amene ali ndi chilolezo chonyamula zinyalala zoopsa. Ndipo batire ya foni kapena laputopu muichotse n'kuisunga payokha, mu chitini chokhala ndi mchenga ngati yatupa, chifukwa imeneyo ikaboka imayaka yokha n'kuyatsa mulu wonse womwe mwasunga mosamala uja.

M'nyumba momwe muli TV ndi makompyuta abwinobwino simufunika zambiri. Pukutani fumbi la pa TV ndi kuseri kwake ndi kansalu konyowa pang'ono TV ili yozimitsa, kamodzi pa sabata, osakuntha ndi nsanza youma kuti fumbi liuluke. Tsegulani mawindo, makamaka nyengo ya mvula pomwe m'nyumba mumachita chinyontho. Kansalu koluka kaja timavindikira TV kuti ioneke bwino muzichotsa ikamagwira ntchito, kamatseka mabowo otulukira kutentha. A ma video show ndi malo a PlayStation, komwe ana 20 amadzadzana mu kachipinda kamalata kopanda windo ma TV anayi akutentha tsiku lonse, boolani pena mpweya uzidutsa ndipo kolopani m'mawa ana asanabwere.

Mwana wa achemwali uja amabwerabe ku shopu akaweruka, koma pano ali ndi mpando wake panja pa khonde ndipo ndinamupatsa maginito a mu sipika yakale kuti azisewera nawo. Chigubu cha masikirini chadzadza kawiri, choyamba ndinachimata tepi n'kulembapo deti, chili pa shelefu ya pamwamba ku store room pafupi ndi botolo la mayonesi lomwe muli timachubu titatu tosweka. A landilodi anafunsa sabata yatha kuti kodi zigubuzi muli ndalama, ndinawayankha kuti akazitsegula asambe m'manja.